Sitepe ikachepa kwambiri, yankho limayambanso kusokonekera

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji yankho la differential equation yanu (equation yofotokoza mmene chinthu chikusinthira) laipiraipira mutachepetsa kwambiri sitepe h m'njira ya Euler (yopezera yankho pa kompyuta poyenda sitepe ndi sitepe), chonsecho m'kalasi anati sitepe yaing'ono ndiyo yabwino. Aphunzitsi sananame ayi, kungoti anakuuzani mbali imodzi yokha.

Pamenepa pali zolakwika ziwiri zomwe zimakokanakokana. Choyamba ndi truncation error: mzere wokhota mukuutsatira ndi timizere towongoka. Mu Euler, h mukaidula pakati cholakwikachi chimatsikanso ndi theka. Mu njira ina yotchedwa Runge-Kutta ya order 4 chimatsika ka 16. Chachiwiri ndi round-off error: makina amasunga madijiti owerengeka a nambala iliyonse, otsalawo n'kutaya. Sitepe iliyonse imataya kanyenyeswa kake, ndiye masitepe akachuluka, tinyenyeswato timadzaza thumba.

Nkhaniyi inawazunguza mitu anthu a ENIAC, kompyuta yomwe inamangidwa ku University of Pennsylvania n'kuonetsedwa poyera mu 1946, yowerengera njira ya zipolopolo za mizinga. Inkasunga madijiti 10 basi. Mu 1947 katswiri wa masamu Hans Rademacher anaganiza kuti tinyenyeswa timeneti timagwa mwachisawawa, tina m'mwamba tina m'munsi, motero timafafanizana ndipo cholakwika chonse chimakula ngati square root ya chiwerengero cha masitepe. Papepala zinkamveka bwino ndithu. Koma katswiri wa makompyuta Harry Huskey atayesa pa ENIAC powerengera sine ndi cosine, zomwe mayankho ake anali odziwika kale, anapeza kuti m'zigawo zina cholakwika chinaposa chomwe Rademacher ankayembekezera. Zotsatirazo zinasindikizidwa mu 1949. Chifukwa chake n'chakuti h ikakhala yaing'ono, manambala otsatizana amafanana kwambiri, ndiye amadulidwira mbali imodzimodzi kwa masitepe ambiri. M'malo mofafanizana, amaunjikana. Apa mpomwe katswiri wina wa masamu, George Forsythe, anabwera ndi nzeru yodula manambala mwamaere dala, yomwe lero yatchukanso ndi dzina loti stochastic rounding.

Kwa ine, chomwe Huskey anachita n'chofunika kuposa fomyula iliyonse: kuyesa makina pa funso lomwe yankho lake ukulidziwa. Inunso yesani y' = y kuyambira pa y(0) = 1, muone ngati pa x = 1 mukuyandikira 2.71828, lomwe ndi yankho lake lodziwika kale. Kenako dulani h pakati mobwerezabwereza, mukulemba cholakwika nthawi iliyonse. Muona chikutsika, kenako chiima, n'kuyamba kukwera. Ngati mukugwiritsa ntchito float, mtundu wa nambala m'kompyuta womwe umasunga madijiti pafupifupi 7, ndiye kuti mwachepekedwa kuposa ENIAC yomwe. Sinthani mupite pa double, yomwe imasunga madijiti ochulukirapo, ndipo Euler mumusiye, mutenge Runge-Kutta.