HDR ya pa katoni ya TV ndi HDR ya mu foni: yankho kwa mbale wa ku Rosettenville

Bambo wina wa kwathu ku Mangochi, amene pano akukhala ku Rosettenville ku Joni, wandilembera pa imelo kuti: "Ndikufuna kugula TV pa Black Friday, ndikaikweze basi pa Park Station ipite kwa mayi a ana kumudzi. Ndaona ziwiri zofanana kukula, koma ina yalembedwa HDR ndipo mtengo wakwererako. Foni yanganso ili ndi HDR mu kamera. Kodi n'chinthu chimodzi? Ndiwonjezere ndalama?"

Achimwene, HDR (High Dynamic Range) ndi nzeru yoonetsa bwino malo owala kwambiri ndi malo amdima pa chithunzi chimodzi. Pa foni ndi pa TV dzina ndi limodzi koma ntchito n'zosiyana. Tiyambe ndi foniyo.

Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi ndinajambula amayi a Mvano ataima panja masana. Dzuwa la kuno ku Joni mukulidziwa, silinyengerera. Malaya oyera, duku loyera, siketi yakuda, nkhope zathu zakudazi, kumbuyo thambo lili ngwee. Diso la munthu limaona zonsezi bwinobwino, koma kamera imasankha mbali. Ikasamala malaya, nkhope zimada bii. Ikasamala nkhope, malaya amangoyera mbuu, ngakhale mabatani osaoneka. HDR ya mu foni ndiyo imagwira ntchito pamenepa: m'kuphethira kwa diso imajambula zithunzi zingapo, china chodera, china chowala, n'kutola zabwino za chilichonse kupanga chimodzi. Nzeruyi ndi yakale. M'zaka za m'ma 1850, Gustave Le Gray wa ku France ankajambula nyanja payokha, mitambo payokha, kenako n'kuziphatikiza papepala limodzi. Apple inadzaiika mu iPhone 4 mu 2010. HDR ya mu foniyo isiyeni yoyatsa, kungoti pa mafoni otchipa mwana akagwedezeka mkono umatuluka pawiri, ndipo ena amawalitsa nkhope mopitirira mpaka munthu kuoneka ngati wadzola phulusa. Chimenechi ndimadana nacho.

Ya pa TV ndi nkhani ina. Foni imapanikiza kuwala kuti kukwane pa chithunzi. TV ya HDR imayenera kutulutsa kuwalako kwenikweni. Kuwala kwa sikirini amakuyeza mu ma nits. Zithunzi za TV wamba zimakonzedwa pa muyezo wa ma nits 100, pamene mafilimu ambiri a HDR amakonzedwa kufika 1,000. Komanso TV wamba ili ndi masitepe 256 pa mtundu uliwonse kuchokera kokuda kufika kowala, pomwe HDR10, mtundu wa HDR ya pa TV womwe unabwera mu 2015, ili ndi 1,024. N'chifukwa chake pa TV yabwino dzuwa likamalowa thambo limasalala popanda mizeremizere, ndipo nyali ya galimoto usiku imathobwadi m'maso pamene mdima wa pambali ukadali mdima.

Pamene pagona nkhani ndi apa. Zilembo za HDR pa katoni zimangotanthauza kuti TV imatha kuwerenga chithunzi cha mtunduwo, osati kuti ili ndi mphamvu yochionetsa. Zotchipa zambiri zimathera cha m'ma nits 300. Ine ndinagwa m'mbuna yomweyi. Ndinagula ina m'sitolo ya m'tauni, wogulitsa akuloza katoni ndi chala, ine mutu gwede gwede. Kufika kunyumba, filimu ya HDR inkaoneka yodera kuposa wamba, moti masana tinkachita kutseka makatani kuti tione amene akuyankhula.

Mayina ena a mitundu ya HDR omwe mungaone pa katoni asakuzunguzeni. Dolby Vision ndi HDR10+ amasintha kuwala malinga ndi gawo la filimu; HLG anaipanga a BBC ndi a NHK ya ku Japan kuti igwire pa zoulutsa pompopompo monga mpira. TV za Samsung zilibe Dolby Vision, zimayendera HDR10+.

Tsono funso lomwe simunafunse: kumudziko azikaonera chiyani? Ngati ndi MBC, Times ndi Zodiak pa dikoda, kapena nyimbo za kwaya za pa fulashi, zonsezo si za HDR. Zilembozo zikangokhala chokongoletsa katoni. Za HDR zenizeni zimabwera kwambiri pa intaneti, ndipo Netflix ya 4K, ya zithunzi zooneka bwino kwambiri, imatha kudya ma GB 7 pa ola limodzi. Bando imeneyo azikagula ndani, mlamu wathu?

Tengani yotsika mtengoyo. Musanalipire, apempheni azimitse chithunzi cha maluwa ndi mapiri chomwe amaika m'sitolo, aike nkhani kapena mpira, muone nkhope za anthu akuda mmene zikutulukira. Muimenso chammbali, chifukwa kwathu TV saonera munthu mmodzi. Ana a aneba amakhala pakhomo, ena pawindo. Ndalama yotsalayo mugulire kachipangizo koteteza TV magetsi akabwera ndi mphamvu. Zoyera zija za m'katoni musataye, ndipo pokweza basi muimirire pompo mpaka muone kuti aiimika chilili, osati kuigoneka pansi pa matumba a anthu ulendo wonse wa pa Beitbridge mpaka ku Mwanza.