Kodi nambala yapamwamba ingapose yapansi?

FUNSO: Mwana wanga ataphatikiza 7/8 ndi 6/8 anapeza 13/8. Ine ndinamuuza kuti walakwitsa, poti ndimadziwa kuti pa fulakishoni nambala yapamwamba imakhala yaing'ono. Koma aphunzitsi ake anamuchongera, n'kulemba 1 5/8 pambali pake. Wolondola ndani? Ndine mayi wothedwa nzeru.

YANKHO: Mayi, mwanayo mukamupepese. Iye ndi aphunzitsi ake onse akhoza, chifukwa 13/8 ndi 1 5/8 ndi nambala imodzi yomweyo yolembedwa m'njira ziwiri.

Tengani mapepala awiri. Lililonse mulipinde pakati katatu, kenaka mudule motsata mizere yopindayo. Pepala limodzi litulutsa tizidutswa 8, ndipo 8 ameneyu ndiye wakhala pansi uja: ntchito yake n'kutiuza kuti chinthu chathunthu tachiduladula kangati. Nambala yapamwamba imangowerenga tizidutswa tomwe tili m'manja mwanu. Tsono werengani tizidutswa 13. Mukayala 8 mubwezeretsa pepala lathunthu, ndipo 5 titsala padera. Ameneyo ndiye 1 5/8.

M'mabuku fulakishoni ngati 13/8 amaitcha improper fraction, ndipo 1 5/8 amati mixed number. Dzina loyambalo ine silindisangalatsa, limachititsa ana kuganiza kuti yankho lawo lili ndi chilema pomwe lili bwinobwino.

Popanda mapepala, ingogawani yapamwamba ndi yapansi. 8 amalowa kamodzi mu 13, kutsala 5. Kamodziko ndiye nambala yathunthu, chotsalacho chikwera pamwamba, 8 sasuntha. Pobwerera, tinene 3 2/5, chulukitsani 3 ndi 5 mupeze 15, onjezani 2, mwapeza 17/5.

Pomwe ndaona ana ambiri akugwa m'mbuna ndi pochulukitsa. Ndikawapatsa 2 1/2 × 2 1/2, amathamangira kunena kuti 2 × 2 ndi 4, theka kuchulukitsa ndi theka ndi kota, basi 4 1/4. Ayi ndithu. Aiwala kuti 2 aliyense amayenera kuchulukitsidwanso ndi theka la mnzake. Mukayamba mwasandutsa zonse kukhala 5/2 × 5/2, mupeza 25/4, yomwe ndi 6 1/4. Taonani kusiyanako, 2 wathunthu anatayika panjira! Pochotsera ndi chimodzimodzi: 4 1/3 kuchotsa 1 2/3 imazunguza mutu poti pa 1/3 simungachotsepo 2/3, koma 13/3 kuchotsa 5/3 ndi 8/3, kapena kuti 2 2/3.

Nanga aphunzitsi analemberanji 1 5/8? Chifukwa munthu akaona 1 5/8 amadziwa nthawi yomweyo kuti nambalayo yapitirira 1 koma siinafike pa 2, pomwe 13/8 imafuna uyambe waganiza kaye. Muuzeni mwanayo aziwerenga funso bwino; likanena mtundu wa yankho lomwe likufunika, apereke womwewo.