Kachishango kofiira pa Chrome kakangobwerera, muzu wake uli mu Windows

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Matawale kuno ku Zomba, amene ali ndi malo otayipira ndi kusindikiza makalata. Alemba kuti: "Ndinagula laputopu ya Windows 10 yogwiritsidwapo kale ntchito. Pamwamba pa Chrome, chakumanja, pali kachishango kofiira kokhala ndi chilembo cha M. Ndikafufuza pa Google kamaika timizindikiro pambali pa mayankho. Ndakachotsa kawiri koma kakubwerera. Ndichite bwanji, nanga ndikakachotsa kompyuta ikhala yotetezeka?"

Mayi, malinga ndi mmene mwakafotokozera, kameneko ndi McAfee WebAdvisor. Si vayirasi ayi. Ntchito yake ndi kukuchenjezani musanalowe pa tsamba lokayikitsa. Malaputopu ambiri amabwera nako kuchokera kufakitale, ndipo ena amakalowetsa okha mosadziwa poika pulogalamu ina osachotsa kachongi kamene kanali kataikidwa kale. Chofunika kumvetsa nchakuti pali zinthu zitatu zosiyana: kachizindikiro kamene mukukaona, extension (kapulogalamu kowonjezera) imene ili mkati mwa Chrome, ndi pulogalamu yaikulu imene ili mu Windows. Inu mwakhala mukusadza nthambi, chitsa chili chikhalire.

Ngati chikukuvutani ndi kukaona kokha, dinani pa kachishangoko ndi batani lakumanja la mausi nkusankha Unpin. Kabisala, koma kazigwirabe ntchito.

Kuti kachokeretu, yambani ndi chitsa. Tsekani mawindo onse a Chrome, Edge ndi Firefox, chifukwa browser ikakhala yotsegula mafayilo ena sachotseka. Kenako dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani appwiz.cpl nkudina Enter. Patuluka mndandanda wa mapulogalamu onse. Fufuzani dzina loti WebAdvisor by McAfee kapena McAfee WebAdvisor. Yang'anani pa W ndi pa M pomwe, poti ambiri amangoona pa M nkuganiza kuti palibe. Lisankheni nkudina Uninstall. Ituluka nkhani yokunyengererani kuti musachotse, ndipo batani looneka bwino kwambiri nthawi zambiri limakhala losunga pulogalamuyo, choncho werengani musanadine. Mukamaliza, zimitsani kompyuta ndi Restart, osati Shut down, chifukwa pa Windows 10 Shut down imasunga mbali ina ya zimene zinali kuyenda kuti kompyuta iyake msanga.

Ikayaka, tsegulani Chrome, lembani chrome://extensions pamalo a adiresi. WebAdvisor ikakhala ilipobe, dinani Remove. Pa Edge adiresi yake ndi edge://extensions, pa Firefox ndi about:addons. Browser iliyonse imasunga zake payokha, ndiye onani zonse.

Tsono chimene chinkakabwezeretsa nchiyani? Pulogalamu yaikulu ija imauza Chrome kuti pali extension yofuna kulowa, Chrome nkutulutsa kauthenga pakona kofunsa ngati mukuvomera. Munthu ali pa changu, kasitomala akudikira, amangodina Enable. Njira ina ndi Sync: ngati akaunti ya Google imodzimodziyo ili pa kompyuta ina imene ili ndi extension yomweyo, ikhoza kukopedwa kuchokera kumeneko. Lowani pa chrome://settings/syncSetup, pitani pa Manage what you sync, sankhani Customize sync nkuzimitsa Extensions. Ndipo poti laputopuyo inali ya wina, onetsetsani kuti akaunti imene ili mu Chrome ndi yanu, osati ya mwini wakale.

Pali vuto lina limene limapezeka pa malaputopu ochokera m'maofesi. Mukapeza kuti batani la Remove palibe, ndipo pansi pa menyu ya Chrome palembedwa kuti Managed by your organization, ndiye kuti wina anaika lamulo lokakamiza extension kukhalapo. Lembani chrome://policy muone ngati pali mzere wotchedwa ExtensionInstallForcelist. Lamuloli limakhala mu registry, nkhokwe imene Windows imasungiramo malamulo a kayendedwe kake, pa HKEY_LOCAL_MACHINE\SOFTWARE\Policies\Google\Chrome. Limachotseka ndi regedit, pulogalamu yotsegulira registry, koma ndikupemphani, ngati simunalowepo mmenemo, pitani nayo kwa wokonza makompyuta. Kufufuta mzere wolakwika kukhoza kulepheretsa Windows kuyaka. Wokonzayo ayambe wadina Export kuti asunge kope asanafufute kalikonse. Owerenga amene laputopu yawo ndi ya kuntchito asakhudze konse. Auze a IT.

Uninstall ikakanika pakati, kampani ya McAfee ili ndi kachida kaulere kotchedwa MCPR kochotsera zotsalira. Katengeni pa tsamba lawo lenileni basi, ndipo dziwani kuti kamasesa mapulogalamu a McAfee a anthu wamba onse, ngakhale amene munalipira.

Funso lanu lachiwiri ndi limene ndikufuna mulisamale kwambiri. Kuchotsa kachishangoko sikukusiyani pamtetete. Chrome ili ndi chitetezo chakechake, Safe Browsing, chimene chimatulutsa tsamba lofiira mukafuna kulowa malo oopsa. Onani pa chrome://settings/security kuti chili pa Standard kapena Enhanced. Koma pa ntchito yanu, ngozi yaikulu siichokera pa intaneti. Imabwera ndi mafulashi a makasitomala, ana asukulu a ku Chirunga ndi ena onse, amene amalowa m'makompyuta ambirimbiri asanafike pa yanu. Vayirasi ija yobisa mafoda nkusiya ma shortcut imayenda choncho, ndipo extension ya mu browser siingaione. Woigwira ndi antivayirasi ya mu Windows. Mukachotsa antivayirasi ina, Microsoft Defender, antivayirasi yobwera ndi Windows, imadziyatsa yokha, komabe tsimikizani: Start, Windows Security, Virus & threat protection, Manage settings, ndipo Real-time protection ikhale On. Muzilumikiza laputopuyo pa intaneti kawirikawiri kuti izilandira zatsopano, ngakhale bandulo ili yochepa. Fulashi iliyonse, musanaitsegule, dinani ndi batani lakumanja nkusankha Scan with Microsoft Defender. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwachizolowezi pa 14 Okutobala 2025, choncho funsani ngati laputopuyo ingalandire Windows 11.

Mukachita zonsezi nkumaonabe mauthenga pakona yakumanja pansi onena kuti McAfee yanu yatha, kapena kuti mwapezeka mavayirasi asanu, musadinepo. Nthawi zambiri amenewo sachokera ku McAfee. Ndi tsamba lina lachinyengo limene linapatsidwa chilolezo chotumiza mauthenga. Lembani chrome://settings/content/notifications, tsikirani pa mndandanda wa ololedwa, ndipo tsamba lililonse losadziwika dinani timadontho titatu pambali pake nkusankha Block.