Injini ya boti ikuvuta kulira m'mawa, ndiyambire pati?

Mnyamata wina amene akuphunzira umakaniko chaka chachiwiri wandilembera atakhumudwa ndithu. Ali pa attachment ndipo abwana ake anamusiyira injini ya boti, ya outboard (yomangirira kunja kumbuyo kwa boti), two-stroke (yomwe oilo wake amapsera limodzi ndi petulo), yomwe m'mawa amakoka chingwe mpaka phewa kuwawa, ikalira imatsokomola nkuzima, koma ikangotentha imayenda bwinobwino tsiku lonse. Wasintha mapulagi kawiri, palibe chasintha. Nde akufunsa ngati ntchito ya mainjini a pamadzi ndi yake kapena angobwerera ku magalimoto.

Mphwanga, usathawe kaye. Unangolakwitsa poyambira basi, unathamangira kugula pulagi yatsopano usanaione bwino yakaleyo. M'mawa injini isanatenthe koka chingwe kanayi kapena kasanu, masula pulagi uiyang'ane. Ikakhala youma ndekuti mafuta sakufika. Ikakhala yonyowa, ikununkha petulo, mafuta akufika koma mwina achuluka kapena moto palibe. Mphindi ziwiri zokha wadziwa kale mbali yoti uloze.

Komanso umvetse chifukwa chake vuto limabwera kukazizira. Petulo sayaka ali ngati madzi, chimayaka ndi nthunzi yake itasakanikirana ndi mpweya. Injini ikakhala yozizira petulo wambiri amangomatirira m'makoma a mkati osasanduka nthunzi, nde pamafunika mafuta ochulukirapo, ndipo ntchito ya choke ndi imeneyo, amatseka mpweya kuti mafuta achuluke. Ndiye kavuto kakang'ono komwe injini yotentha imakapirira, m'mawa kamaonekera poyera.

Tsopano tsata njira ya mafuta kuyambira ku thanki, osadumpha. Pachivindikiro cha thanki yonyamula pali kasikuluu kolowetsa mpweya, kakhale kotsegula, anthu ambiri amamasula injini yonse pomwe vuto ndi kameneko. Ona ngati kachingwe kozimitsira injini kali m'malo mwake ndipo giya ili pa nyutilo. Kenako kampira kopopera mafuta kaja, primer bulb, kali ndi muvi ndipo muviwo uloze ku injini. Finya mpaka kalimbe. Ngati sikakulimba ngakhale upope bwanji, penapake pakulowa mpweya kapena mavavu a mkati mwake atha, kapenanso float, kachoyandama kotseka mafuta akadzaza mu kabyuleta (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya), sikutseka. Ngati kakuphwatalala injini ikulira, chatsekeka ndi chakumbuyo, ku thanki. Ndipo ngati injini ikufuna kuzima koma ukamafinya kampirako ikutsitsimuka, kayikira pampu ya mafuta kapena paipi yobooka. Ine ndimakonda kuika kapaipi koonekera mkati pang'ono chabe, thovu likamadutsa waugwira mpweya. Mpweya wolowa pa joini ndi umene umachititsa kuti usiku mafuta abwerere ku thanki, m'mawa injini nkudzuka ilibe kanthu.

Za madzi mu petulo ndiye usazipeputse, pa boti ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku. Thanki yosadzaza imachita thukuta mkati usiku, mvula ndi mafunde nazo zimalowetsa, ndipo petulo wosakaniza ndi ethanol amakoka chinyezi yekha. Thira pang'ono mu botolo loyera udikire, madzi ndi olemera amakhala pansi, umachita kuona mzere. Vuto lake paipi yokoka mafuta imayamwanso pansi pomwepo, nde m'mawa zonse zitadikha injini imayamba kumwa madziwo. Njira yachidule ndi kubwereka thanki ina ya petulo watsopano ndi paipi yake, ikalira bwino usavutikenso ndi injini. Ufunsenso kuti oilo amasakaniza bwanji, ma two-stroke ambiri amafuna 50:1, kutanthauza mamililita 20 pa lita imodzi, koma ona buku la injiniyo poti Yamaha, Suzuki, Tohatsu sizifanana zonse. Ena amathira mongoyerekeza kuti wambiri ndiye chitetezo, mapeto ake utsi ndi pulagi yakuda.

Koma mmene wafotokozera, ine ndikukayikira kwambiri kabyuleta. Muli kajeti kakang'ono, pilot jet, kamene kamadyetsa injini poliza ndi pamene ikulira pang'onopang'ono. Bowo lake ndi laling'ono zedi, petulo akakhalitsa amauma nkusiya zomata ngati utomoni nkulitseka. Chizindikiro chake nchakuti injini imalira choke ali wotseka, ukangomubweza yazima, koma ukaponda moto imathamanga ngati palibe vuto chifukwa apo ikudya pa jeti ina yaikulu. Masula, jambula pa foni chilichonse usanachotse, tsuka ndi mankhwala otsukira kabyuleta ndi mpweya. Osatokosa ndi singano kapena waya wolimba chonde, ukakuza bowo wayambitsa vuto lina.

Zonsezi zikakhala bwino yeza compression, mphamvu yomwe pisitoni imapanikizira mpweya mu silinda. Masilinda asasiyane kupitirira 10 peresenti, ngati imodzi yatsika kwambiri mwina maring'i a pisitoni atha, apo ngakhale utsuke kabyuleta kakhumi sizitheka.

Chinthu china, usalize outboard kunja kwa madzi ngakhale pang'ono, impeller, yopopa madzi oziziritsa injini, ndi ya labala imapsa mu masekondi ochepa, ika mu dilamu la madzi ndipo uone kuti kamadzi koziziritsa injini kakutuluka kumbuyo. Nthunzi ya petulo nayo imalemera kuposa mpweya, imakhala pansi m'boti, nde za fodya kapena kuyesa moto wa pulagi pafupi ndi mafuta otayika iwalako.

Pa funso lako la ntchito, ine ndingati khala. Zimene ukuphunzira apa sizitayika ngakhale utabwerera ku magalimoto, majenereta kapena njinga zamoto, ndipo pamadzi makaniko wodalirika amalemekezedwa poti injini ikazima pakati pa nyanja palibe kokankhira. Koma usathere pa kabyuleta. Mainjini atsopano a four-stroke ambiri ndi a fuel injection, alibe choke wokoka, kompyuta imawerenga sensa ya kutentha nkuonjezera mafuta yokha, sensayo ikanama m'mawa ndi mavuto omwewa. Phunzira multimeter, chipangizo choyezera magetsi, udziwe kuti batire yodzaza imaonetsa mavoti pafupifupi 12.6. Phunziranso dizilo, kumeneko kuvuta kwa m'mawa nthawi zambiri ndi ma glow plug (mapulagi otenthetsa mu silinda poliza), batire yofooka kapena mpweya mu mapaipi wofunika kuutulutsa.

Ugule kope, injini iliyonse uzilemba chimene imachita, chimene unayeza ndi chimene unapeza, tsiku lofunsira ntchito udzapite nalo. Mawa ulawire injiniyo isanagwidwe ndi munthu, yamba ndi pulagi ndi botolo lija, ndipo usanamasule kabyuleta uwauze kaye abwana zimene waona.