Phiri la Mulanje linatetezedwa mu 1927, nanga mkungudza unatha bwanji?

Mayi wina amene amaphunzitsa kusekondale wanditumizira imelo. Akuti ankauza ana m'kalasi kuti phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma kuchokera nthawi ya atsamunda, ndiye mwana wina anaimika dzanja n'kufunsa kuti ngati ndi lotetezedwa, mkungudza unatha bwanji. Mayiwo akufuna kudziwa kuti chitetezocho chinayamba liti, nanga chimateteza chiyani kwenikweni. Ndayankhira pano chifukwa si iwo okha amene amadabwa nazo.

Mayi, mwana wanuyo wafunsa pamene pagona nkhani. Boma la atsamunda linalengezadi phirili kukhala nkhalango yotetezedwa m'chaka cha 1927, koma lamulolo silinkatanthauza kuti mtengo usadulidwe. Linkatanthauza kuti boma ndilo lizinena kuti adule ndani, adule pati, ndipo alipire zingati. Mulanje sanakhalepo paki ngati Nyika kapena Liwonde. Mpaka lero ali m'manja mwa Dipatimenti ya Zankhalango, ndipo kwa zaka zambiri ntchito ya dipatimentiyi paphiripo inali yosamala madzi komanso yokolola matabwa. Ana akamvetsa zimenezi, zotsalazo azitsatira mosavuta.

Muyambe ndi kuwasonyeza kukula kwa chinthu chomwe tikunenachi. Mulanje si chitunda chimodzi chosongoka ayi, ndi chithanthwe chachikulu cha masikweya kilomita pafupifupi 650. Pamwamba pake, pa mamita pafupifupi 2,000, pali zidikha za udzu ndi zigwa zobisika, ndipo pamwamba pa zidikhazo ndi pamene pamera nsonga, yaitali kuposa zonse m'Malawi muno n'kukhala Sapitwa ya mamita 3,002. Mitambo ya chiperoni yochokera ku Mozambique ikagunda khoma limeneli imakhuthula madzi, ndipo madziwo amatsika m'mitsinje ya Ruo, Likhubula, Thuchila, Lichenya, Muloza, Phalombe ndi Sombani. Tiyi wa ku Mulanje amamwa madzi amenewa, midzi ya m'munsi imamwa omwewa, ndipo masiku ano ngakhale mipopi ina ya mu Blantyre imatulutsa madzi ochokera ku Likhubula.

Lamulo la boma lisanabwere phirili linali kale ndi malamulo ake. Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amalitenga ngati mudzi wa mizimu. Kuli malo othirira nsembe, kuli malo amene munthu sapitako mwachisawawa, ndipo akuluakulu amanena kuti ukapeza chakudya kuphiri uzingodya wekha osaitana mnzako. Kaya munthu amakhulupirira kaya ayi, mantha ndi ulemu umenewo zinkachititsa kuti mbali zambiri za phiri zisapondedwepondedwe. Linalinso pothawira m'masiku a nkhondo ndi malonda a akapolo. Njira ya akapolo inkadutsa pampata wa pakati pa Michesi ndi phiri lalikulu, ndipo n'chifukwa chake Angerezi anamangapo linga la Fort Lister mu 1893.

Mbiri ya matabwa imayamba m'zaka zomwezo. Mu 1891 katswiri wa zomera Alexander Whyte anakwera phirili n'kulemba za mtengo wautali wonunkhira umene anaupeza m'zigwa za pamwamba, ndipo dzina lake la sayansi, Widdringtonia whytei, linachokera kwa iye. Mwachilengedwe mtengowu sumera kwina kulikonse padziko lapansi koma ku Mulanje kokha. Tsoka lake ndi ubwino wake womwe. Thabwa la mkungudza chiswe sichiligwira, silifumbwa, siliola msanga ngakhale pamadzi, ndipo limapalika bwino. Amisiri ankalifuna pa madenga, zitseko, mafelemu ndi maboti. Boma linayamba kucheka mkungudza kalekale chaka cha 1927 chisanafike, ndipo chitafika linangopitiriza, kungoti tsopano ndi ziphaso. Panafika poti anamanga chingwe chotsitsira matabwa kuchokera ku Chambe, chimodzi mwa zidikha za pamwamba, kupita kumunsi ku Likhubula.

Sindikunena kuti akuluakulu a zankhalango a nthawi imeneyo sankasamala. Ankalambula njira zotchingira moto chaka ndi chaka, ndipo ntchito imeneyo inapulumutsa mitengo yambiri. Koma anachitanso chinthu chimene chavutitsa phirili mpaka lero: anabzala paini wa ku Mexico, Pinus patula, ku Chambe ndi ku Sombani. Paini amakula msanga, amamwaza njere ndi mphepo, ndipo anafalikira m'malo amene mkungudza ukanaphukamo. Patapita zaka, panalowa ndalama ndi thukuta lambiri pofuna kumuchotsa.

Mu 1984 Dr. Kamuzu Banda analengeza mkungudza wa ku Mulanje kukhala mtengo wa fuko. Chapakati pa zaka zomwezo za m'ma 1980 kunafika nsabwe za mitengo zochokera kunja, zoyamwa madzi m'nthambi, ndipo zinaumitsa mitengo yambiri. Apa ndi pamene panatseguka khomo loipa. Lamulo linkalola kucheka mitengo youma yokha, poganiza kuti yamoyo itsala. Koma munthu wofuna chiphaso sankachita kudikira kuti mtengo uume wokha. Ankausenda khungwa kuzungulira tsinde, kapena kuyatsa moto patsinde pake, n'kubwera nyengo ina kudzaupeza wauma mogwirizana ndi lamulo. Ena sankavutika n'komwe ndi ziphaso. Ankagona kuphiri ndi macheka awo, matabwa n'kumatsika pamutu usiku.

Manambala ake ndi owawa. Cha m'ma 1989 nkhalango za mkungudza zinkakwana mahekitala pafupifupi 1,460. Patatha zaka 15 zinali zitatsika kufika pa mahekitala pafupifupi 845, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mitengo yotsalayo linali louma kale. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Mtengo wa fuko lonse, mitengo 7.

Pano ndikupempheni chinthu chimodzi, mayi. Pofotokozera ana, musalole kuti mlandu wonse ugwere mnyamata wosenza thabwa. Ndinamuonapo akutsika njira yoterera, thabwa lalitali pamutu, kuphazi kulibe nsapato, ndipo ndalama imene amalandira ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa thabwalo likafika m'tauni. Mulanje ndi Phalombe ndi maboma odzaza anthu, ndipo nthaka yabwino yambiri ya m'munsi mwa phiri inapita ku minda ya tiyi kuchokera m'ma 1890. Alhomwe ambiri amene anabwera kuchokera ku Mozambique anafikira pa thangata m'minda imeneyo. Banja lopanda munda wokwanira likayang'ana kumwamba limaona nkhuni, makala ndi matabwa, ndipo lamulo la 1927 silinawafunse maganizo anthu amenewa, linangowauza malire. Thabwalo likatsika pamafunika galimoto, pamafunika wogula, pamafunikanso wina woyang'ana kumbali galimotoyo ikamadutsa. Amenewo sagona kuphiri ndipo kawirikawiri sagwidwa. Alonda a nkhalango nawonso akhala ochepa, opanda zipangizo, pa phiri loti kulizungulira wapansi ndi ulendo wa masiku.

Zabwino ziliponso, ndipo ana ayenera kuzimva. M'chaka cha 2000 bungwe la UNESCO linaika Mulanje pa mndandanda wa malo osungirako zachilengedwe amene anthu amakhala nawo limodzi, ndipo m'zaka zomwezo kunakhazikitsidwa bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust lothandizana ndi dipatimenti ija. Chimene ine ndimachiona chanzeru pa ntchito yawo ndi nazale za m'midzi. Anthu ozungulira phiri anaphunzitsidwa kufesa mkungudza, mbande zawo n'kumagulidwa, ena n'kulembedwa ntchito yozisenza ndi kukazibzala pamwamba. Mbande zobzalidwa zafika mazana a masauzande. Koma kubzala ndi mbali yophweka. Mkungudza umakula pang'onopang'ono, ndipo ukadali waung'ono moto umodzi wa m'chilimwe, woyatsidwa ndi osaka nyama kapena munthu wodutsa, umatha kupsereza ntchito ya zaka zisanu tsiku limodzi. Amene akulambula njira za moto mu Julaye ndi Ogasiti ndi amene akusunga mtengowu kuposa tonse olemba za iwo.

Mu Julaye 2025 UNESCO inaika Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, kukhala malo achitatu m'Malawi pambuyo pa paki ya Nyanja ya Malawi mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006. Chimene chinandikhudza n'chakuti phirili linalowa chifukwa cha chikhalidwe, ndiye kuti mizimu, nsembe ndi miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe. Zinthu zomwe lamulo la atsamunda silinaziwerengere n'komwe ndi zimene dziko lapansi lazivomereza.

Ulemu umenewu sukutanthauza kuti nkhondo yatha. Pansi pa udzu wa ku Lichenya pali miyala ya bauxite yopangira aluminiyamu, yodziwika kuchokera m'ma 1920, ndipo ku Chambe kwafufuzidwapo miyala ina yosowa. Nkhani ya migodi imazilala n'kuyakanso. Ine maganizo anga ndi oti pamwamba pa phiri limene mitsinje yonseyi imachokera sipoyenera kukumbidwa, ngakhale ndalama zake zitakhala zochuluka bwanji. Anthu a ku Phalombe akukumbukira napolo wa mu Malichi 1991 amene anatsika ku Michesi n'kupha anthu mazanamazana, ndipo namondwe Freddy mu 2023 anagumulanso mapiri a m'dera lomweli. Mvula yoopsa chotero imagumula ngakhale malo a mitengo, koma potsetsereka pometedwa sipachedwa kugonja.

Ngati sukulu ingakwanitse, atengereni anawo akaone okha. Kwa ana osazolowera kukwera, kuyambira ku Likhubula mpaka pa Dziwe la Nkhalamba n'kokwanira tsiku limodzi. Mulembe operekeza a komweko kudzera ku ofesi ya zankhalango, chifukwa nkhungu ya paphiripo imatseka njira mwadzidzidzi, komanso ndalamayo imatsala m'midzi ya m'munsi. Mupemphe kuti akuonetseni nazale ya mkungudza, ana akagwire mbande ndi manja awo. Pobwerera mudzapeza ogulitsa timabokosi tonunkhira m'mbali mwa msewu. Ngati n'ta mkungudza, musagule, ndipo muwauze anawo chifukwa chake.