Tizilombo tosamva mankhwala tinatsala pang'ono kutilanda amayi

Achemwali, asakunamizeni kuti maantibayotiki amene mukuthira m'madzi a nkhuku zosadwala amathera m'khola momwemo. Funso lanu loti kodi mankhwala amenewa angadzavutitse anthu landikumbutsa zowawa, nkhani imeneyi ndinaiona ndi maso anga pa amayi.

Anayamba kumva kuotcha pokodza. Pachipatala china cholipira, bambo wa pamenepo sanapime ngakhale mkodzo, anangopereka maantibayotiki otchedwa ciprofloxacin. Osasintha. Titabwerera, akuti jakisoni wa ceftriaxone, ati ameneyu salephera. Nditapempha kuti mkodzo upite ku labu, anandiyang'ana ngati ndamutukwana, n'kunena kuti ndisamuphunzitse ntchito. Mpaka lero ndikamukumbukira ndimapsa mtima. Chimene ankafuna n'chakuti majakisoni agulidwe basi, munthu akufooka iye akuona.

Usiku umene zinafika poipa amayi ananjenjemera mpaka bedi kugwedezeka, mano akuombana, thupi lili moto koma mapazi ozizira. Anayamba kubwebweta, kundiitana dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Mkodzo unasiya kutuluka. Kuchipatala chachikulu anamwino ankafunafuna mtsempha woika diripi osaupeza, BP itatsikiratu, ine nditangogwira thaulo osadziwa kuti ndipukute pati. Adokotala anati tizilombo tachoka m'chikhodzodzo, takwera ku impso, talowa m'magazi. Zotsatira za ku labu zitatuluka, anali bakiteriya wotchedwa E. coli, wosamva ciprofloxacin, wosamva ceftriaxone, wosamvanso cotrimoxazole. Majakisoni onse aja sanaphe kanthu. Anapulumuka ndi maantibayotiki ena amphamvu otchedwa meropenem, koma impso zawo sizinabwererenso mwakale.

E. coli ameneyu amakhala m'matumbo mwa anthu, nkhuku, nkhumba ndi ng'ombe. Mukamapatsa ziweto mankhwala pang'onopang'ono tsiku lililonse, tizilombo tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuswana, ndipo timapatsirana majini (tizinthu ta m'maselo tosunga chibadwa) okana mankhwalawo. Zitosi zimapita kumunda, mvula n'kukokololera mumtsinje ndi m'zitsime, zina timazitenga m'manja pokonza nyama. Mu 2015 ofufuza ku China anapeza jini yotchedwa mcr-1 mu E. coli wa nkhumba, kenako mwa odwala m'zipatala. Jini imeneyi imagonjetsa colistin, mankhwala amene madokotala amasungira munthu zina zonse zikakanika, koma ankapatsidwa kwa ziweto kuti zinenepe. Mayiko a European Union analetsa kunenepetsa ziweto ndi maantibayotiki mu 2006. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet anapeza kuti mu 2019 mokha anthu 1.27 miliyoni anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala. N'chifukwa chake mabungwe a padziko lonse oona za umoyo wa anthu (WHO), chakudya ndi ulimi (FAO), umoyo wa nyama (WOAH) ndi chilengedwe (UNEP) akugwirira limodzi ntchito imene amati One Health, yoona umoyo wa anthu, nyama ndi chilengedwe pamodzi. Ofufuza amatenga magazi a odwala, ndowe za ziweto ndi madzi a m'ngalande n'kuyerekeza majini, kuti aone kumene tizilomboti tikudutsa. Akabwera kudzapempha zitosi za m'khola lanu musawabweze.

Nkhuku zosadwala musazipatse mankhwala, sesani khola, zibayitseni katemera. Zikadwala itanani alangizi a ziweto, ndipo musadye kapena kugulitsa mazira ndi nyama masiku olembedwa papaketi asanakwane. Pa anthu, kakamirani kuti apime asanalembe mankhwala, akwiye akwiye. Komabe munthu akayamba kunjenjemera ndi kusokonezeka mutu ngati amayi aja, musadikire labu, zotsatira zimatenga masiku awiri kapena atatu. Atenge magazi ndi mkodzo kaye, kenako jakisoni ayambe nthawi yomweyo, adzasinthe zikatuluka.