Funsani za zamagetsi: Kodi seva ya nyimbo ingakometse masipika anga?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndimakhala ku Kalongwezi kuno ku Chipata, ndili ndi ampulifaya ndi masipika awiri akuluakulu pabalaza, nyimbo ndimamvera kuchokera pa foni kudzera pa Bluetooth, zina zili pa fulashi. Mwana wanga wa ku Lusaka akuti ndigule seva ya nyimbo, ati kamvekedwe kadzasintha kwambiri. Ndi zoona kapena ndingotaya ndalama? Bambo wa ku Kalongwezi.

YANKHO: Bambo, musathamangire kugula. Seva ya nyimbo ndi kakompyuta basi, ntchito yake kusunga nyimbo mu hard drive nkumazitumiza ku ampulifaya inu mukungosankha pa foni muli khale pampando. Payokha siwonjezera kukoma kulikonse. Fayilo ikakhala imodzimodzi, manambala otuluka mu seva yodula ndi otuluka mu laputopu yakale ndi omwewo, chimene chimasandutsa manambalawo kukhala mawu ndi kachipangizo kotchedwa DAC, ndiye nkhani yagona pa DAC, pa masipika ndi pa mafayilo anuwo.

Tiyambe ndi mafayilo chifukwa apa mpamene ambiri timagwa. Nyimbo ya pa CD imayenda pa 1,411 kbps (muyeso wa kuchuluka kwa deta ya nyimbo pa sekondi imodzi), pomwe ma MP3 ambiri otumizirana pa WhatsApp kapena oikitsa pa fulashi kumsika amakhala a 128 kbps, osafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10. Zimene zinatayidwa pofinya nyimboyo sizibwereranso, olo mutagula seva ya ndalama zingati. Tamverani bwino kwaya ya kutchalitchi pa fayilo yotere, azimayi akakweza mawu mumva kokokoko ngati akuimbira m'chitini, maseche amangoti waaa osamveka kugunda kwake, ng'oma nazo zimangogundika pamodzi osasiyanitsa yaikulu ndi yaing'ono. Ndiye Bluetooth nayo imafinyanso kachiwiri. Anthu ambiri amene amati seva yawasinthira zinthu, zoona zake nzakuti asiya Bluetooth ayamba waya, komanso ayamba kumvera mafayilo a FLAC, amene amachepetsa CD pafupifupi theka osataya kanthu.

Musanatulutse ngwee, yesani izi madzulo ano. Lumikizani foni ndi waya wa AUX. Masipikawo achotseni pakona ndi kuwasuntha pang'ono kuchoka kukhoma, chifukwa pakona besi imafufuma nkukwirira mawu a oimba, ndipo timasipika tating'ono tapamwambato tiloze pa msinkhu wa makutu anu mutakhala pansi. Ngati pansi ndi pa simenti kapena matailosi yalanipo kapeti kaya mkeka, makatani okhuthala amathandizanso, makamaka m'nyumba zathu za malata zopanda siling'i zimene mawu amangobwerera. Kusintha kumeneku mukumva pompo, ndikutsimikizireni.

Sikuti mwana wanuyo walakwa zonse ayi. Seva ili ndi ubwino wake ndipo ine ndimaikonda pa zimenezi: nyimbo zonse pamalo amodzi, foni ikaitana nyimbo siduka alendo ali pakati pomvera, simudya bandulo, ndipo hard drive ya 1 TB imanyamula ma alubamu a FLAC opitirira 2,000. Koma simufunika yodula. Kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi mutaikamo pulogalamu ya nyimbo ya Volumio, imene ili ndi mtundu waulere, nkulumikiza ka DAC ka USB, ntchito yatheka. Kamadya 5 volts yokha moti malaiti akapita kamayenda ndi power bank kapena sola, ngakhale ampulifayayo ifunabe inveta.

Ngati ndalama ilipo ndithu, muuzeni mwanayo ayambe wakupezerani DAC ndi nyimbo za FLAC kapena ma CD enieni oti mukope, seva ibwere pambuyo. Mugulenso surge protector chifukwa malaiti akamabwera mwamphamvu amaotcha zinthu, ndipo nyimbo zanu muzisunge pa ma hard drive awiri, imodzi muziichotsa ku magetsi mukamaliza kukopa.